Chitini cha penti chomwe ndinkafuna kuthandiza nacho tchalitchi ku Yorkshire

Chitinicho ndinachigula Lachisanu m'mawa nditangoweruka shifiti ya usiku, malita 5 a penti yoyera ya madzi ija amati emulsion, kuphatikizapo rola, thireyi yake ndi kapaketi ka zomatira ming'alu. Ndalama yake ndikanatumiza kumudzi bwenzi anthu atadya nyama masiku angapo koma mtima wanga unali mbee, ndinkadziuza kuti ndikukagwira ntchito ya Mulungu.

Ndinabwera kuno mu 2022 pa ntchito yosamalira okalamba ngati anzanga ambiri, ndipo anandiponya m'kamudzi kena ku North Yorkshire komwe basi imadutsa mwa apo ndi apo ndipo nkhosa n'zambiri kuposa anthu. Kwathu ku Nkhotakota tinakulira mu Anglican ndiye Lamulungu loyamba lomwe ndinali pa off ndinangolowa m'tchalitchi cha pamudzipo. Chamiyala, chozizira ngati firiji, mbali zina zinamangidwa m'zaka za m'ma 1200. Tinalimo anthu 14 kuwerengera ndi wansembe yemwe, ndipo ine wa zaka 38 ndi amene ndinali mwana. Dzina la tchalitchicho sinditchula chifukwa nkhaniyi wolakwa ndine, iwo alibe mlandu.

## Khoma la kumpoto

Benchi yomwe ndinazolowera kukhala inali pafupi ndi khoma la kumpoto, ndipo khomalo linkandisowetsa mtendere. Pulasitala anali atafufuma, kwina akusuwa ngati khungu la njoka, pansi pake kuli timchere toyera tija timatuluka pakhoma la chinyontho, m'mwamba muli chibanga chobiriwira. Wansembe akulalikira ine maso ali pakhoma. Ndisanapite ku kosi ya unesi yomwe sindinamalize ndinagwirapo ntchito ndi amalume anga omwe ndi m'misiri womanga, ndinayambira kukanda matope mpaka kufika pogwira mpeni womangira, ndiye khoma lodwala ndimalizindikira, kapena tinene kuti ndinkaganiza kuti ndimalizindikira.

Komanso kwathu mukudziwa mmene timachitira. Zikamveka kuti abishopu akubwera, achinyamata timatenga laimu ndi matsache, miyala ya m'mbali mwa msewu mbuu, mitengo mpaka m'chiuno mbuu, tchalitchi mbuu, palibe yemwe amapempha chilolezo kwa munthu, amene wagwira ntchito kwambiri ndi amene amatamandidwa pa zolengeza. Ndiye poona kuti chikondwerero cha zokolola chayandikira ndipo agogowa sangakwere makwerero, ndinati ndiwachitire zodabwitsa. Tchalitchi chimakhala chosakhoma masana onse. Ndinalowa cha m'ma 10, ndinayala manyuzipepala pansi, ndinatsegula chitini ndi kiyi wa nyumba, ndinatsanulira m'thireyi. Ndinali nditatenganso kachitsulo kopalira kuti ndiyambe ndachotsa zosuwazo.

## "Ikani pansi rolayo"

Ndinali nditapala kamalo kofanana ndi chikhatho changa pamene chitseko chinalira. Anali agogo ena omwe ndi warden, kutanthauza woyang'anira, wa tchalitchicho, a zaka za m'ma 80, ang'onoang'ono, anabwera ndi maluwa m'ndowa. Anthu a ku Yorkshire aliyense amangomutchula kuti "love", kaya ndi dalaivala wa basi kaya ndi dokotala, ndipo agogowa kuyambira tsiku loyamba ankanditchula choncho. Tsiku limeneli mawuwo sanatuluke. Anaika ndowa pansi, madzi anakhavukira pa nsapato zawo osaona n'komwe, anangoti, "Ikani pansi rolayo. Chonde. Mwapakapo kale?"

Ndinati ayi agogo, ndangopala pang'ono.

Anabwera, anavala magalasi, anawerama n'kuyamba kutola tizidutswa ta pulasitala tomwe tinagwera pa nyuzipepala, kamodzikamodzi, kumatitembenuza kuona kuseri. Ine ndangoima ndi rola ikudontha. Kunena zoona ndinakwiya. Mumtima ndinkati anthu awa, khoma likuwola pamaso pawo, munthu wadzipereka ndi ndalama zake osagona usiku wonse ndipo m'malo mwa zikomo akutola zinyalala ngati ndaphwanya mbale ya mfumu. Ndinaganizanso zija timaganiza tonse kuno zikatere, kuti kapena n'chifukwa ndine wakuda. Atamaliza anakulunga tizidutswato m'kampango n'kuika m'chikwama, anakhala pa benchi kupuma, kenako anandifunsa ngati mawa ndili pa ntchito. Ndinati ayi. Anati ndiye mundiyendetse pa galimoto yanga, maso anga safuna msewu masiku ano, tipite ku Pickering.

## Pickering

Pickering ndi katauni kamsika komwe alendo ambiri amapitira sitima yakale ya malasha ija imadutsa m'mapiri a North York Moors. Tchalitchi cha St Peter and St Paul chinabisala kuseri kwa mashopu, umangoona nsonga ya nsanja yake, n'kukwera masitepe pakati pa nyumba. Kunja n'chabwino koma sichingakuimitse, kuno zotere zili paliponse. Agogo anandiuza kuti nditsogole ndine.

Nditakankha chitseko cha kummwera ndinangoti kakasi. Moyang'anana ndi khomo, pamwamba pa mizati, panali chimunthu chachitali kuposa nyumba ya kwathu, chagwira ndodo ngati mtengo wathunthu, chikuwoloka madzi ndi kamwana paphewa. Pambali pake munthu wa pa hatchi akubaya chinjoka. Ndinatembenuka, khoma linalo nalonso lodzaza, kuchokera pamwamba pa mizati mpaka kukafika ku mawindo a m'mwamba, zofiira, zakuda, zachikasu. Agogo anandisiya kaye ndizungulire ndekha.

Chimunthu chija ndi Christopher Woyera, ndipo sanamuike moyang'ana khomo mwangozi, anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti ukaona chithunzi chake tsiku limenelo sufa imfa yadzidzidzi, ndiye munthu wa paulendo ankatha kungosuzumira pakhomo n'kumapita. Kuli phwando la Herode ndi mutu wa Yohane Mbatizi m'mbale. Kuli mfumu Edmund yomwe inaphedwa ndi ma Viking, ankhondo ochokera kumpoto kwa Ulaya, mu 869, yamangidwa pamtengo, mivi thupi lonse ngati nungu. Kuli Thomas Becket, akibishopu wa ku Canterbury yemwe asilikali a mfumu anamuphera m'tchalitchi mu 1170. Kuli Yesu akukoka anthu kuwatulutsa m'kamwa mwa chilombo chomwe chikuimira malo a akufa. Koma pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa kamzere ka zithunzi zing'onozing'ono za ntchito zachifundo zisanu ndi ziwiri, kudyetsa anjala, kumwetsa aludzu, kuveka amaliseche, kuyendera odwala, kuika maliro. Munthu ali gone pabedi wina waima pambali pake. Usiku wa dzana lake ndinali nditaima chimodzimodzi pambali pa bedi la mkulu wina yemwe sankafuna kumwa mankhwala, ndipo apa wina anajambula shifiti yangayo cha m'ma 1450.

Tchalitchicho pachokha n'chakale kuposa zithunzizo. Mizati ndi makomo opindika mozungulira ngati uta ndi a m'zaka za m'ma 1100, nthawi ya ma Norman omwe anachokera ku France n'kulanda England, ndipo pamalopo panali kale tchalitchi china cha ma Saxon, anthu omwe ma Norman anawapeza m'dzikomo. Agogo anandiphunzitsa kuwerenga khoma mmene amalume anandiphunzitsira kuwerenga njerwa yosapsa: uta wozungulira pa mzati wonenepa ndi wakale kwambiri, uta wosongoka pamwamba unabwera pambuyo pake, ndipo mawindo akuluakulu okhala ndi timizere ta miyala toimirira tolunjika ndi a m'ma 1400, pamene anthu anali ndi ndalama ndipo ankafuna kuwala. Tchalitchi chimodzi chimakhala ndi zonsezi pamodzi chifukwa m'badwo uliwonse unkawonjezera chake, ngati nyumba ya kumudzi yomwe mwana aliyense akapeza ntchito amamangirako chipinda.

## Manja omwe anadutsa pakhomalo

Tinakhala pa benchi ndipo apa ndi pomwe anandiuza chomwe anandibweretsera.

Zithunzi zimenezi zinakhala zosaoneka zaka pafupifupi 300. Mfumu Henry VIII itasiyana ndi Roma mu 1534, zinthu zinayamba kusintha m'matchalitchi, mu 1538 inalamula kuti zithunzi za Becket zifafanizidwe m'dziko lonse, ndipo mu 1547 pa nthawi ya mwana wake Edward VI panatuluka malamulo ochotsa zithunzi ndi zifanizo zomwe ankati n'zopembedza mafano. Njira yachangu ndi yotchipa inali laimu. Anthu anatenga ndowa ndi maburashi, makoma mbuu, ndipo mibadwo inadutsa mpaka panalibenso wokumbukira kuti pansi pa kuyerako pali kanthu.

Mu 1852 akukonza tchalitchi cha Pickering zithunzi zinatulukira. Anthu anayamba kubwera kudzaona. Wansembe wa nthawiyo, a Ponsonby, sizinawasangalatse, ankaona kuti n'zachikatolika zosayenera m'tchalitchi chawo komanso zikuchotsa maganizo a anthu pa ulaliki, ndiye posakhalitsa analamula kuti azipakenso. Mbuu kachiwiri. Mu 1876 wansembe wina, a Lightfoot, ndi amene anaganiza zozivundukulanso, ndipo kampani ya Shrigley and Hunt inagwira ntchito yozikonza m'zaka za m'ma 1880. Koma kukonza kwa nthawi imeneyo kunali kwa dzanja lolemera, pomwe pafufutika ankajambulaponso, pomwe pazilala ankawonjezera utoto, moti zomwe ukuona lero ndi ntchito ya anthu a m'ma 1450 yosakanikirana ndi ya anthu a m'ma 1880 ndipo kuti usiyanitse pamafunika katswiri.

Chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti amene ankadana ndi zithunzizo ndi amene anazisunga mosadziwa, chifukwa laimu amakhala ngati bulangeti, amaphimba koma sawononga kwambiri za pansi pake. Zoopsa zenizeni zinabwera ndi anthu okonda matchalitchi. M'zaka za m'ma 1800 kunali chizolowezi chopala pulasitala yense kuti miyala ioneke, ati ndiye kukongola kwachikale, ndipo m'matchalitchi ambirimbiri zithunzi zomwe zinapulumuka kwa Edward VI zinathera pa wilibala kupita kudzala munthu asanazione n'komwe. N'chifukwa chake William Morris ndi anzake anayambitsa bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings mu 1877, lomwe anthu analipatsa dzina loti Anti-Scrape, kutanthauza otsutsa kupala. Agogo atafika pa mawu akuti kupala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kachitsulo kanga kopalira kanali kadakali m'thumba la jekete, ndinkakamva kakundibaya m'nthiti.

Ndinawafunsa ngati pakhoma lathu lija pali zithunzi. Anati palibe amene anafufuzapo bwinobwino, ndipo tizidutswa tomwe anatola tinali toyera mbali zonse, koma pansi pa zomwe ndinapalazo pali mipaka ina ya laimu yambiri yosanjikizana ndipo chomwe chili pansi penipeni chiyenera kudikira munthu wodziwa, wa kampeni kakang'ono ngati ka dokotala, osati ine ndi chopalira cha ku shopu.

## Penti yodula, laimu wotchipa

Pobwerera m'galimoto ndinayesa kudziteteza. Ndinati chabwino kupala ndalakwa, koma penti ikanavuta chiyani, si kuphimba komweko ngati laimu? Apa ndi pomwe ine m'misiri ndinaphunzitsidwa za khoma ndi mayi yemwe moyo wake wonse anali mphunzitsi wa ana aang'ono.

Makoma akalewa alibe pepala lotchinga chinyontho pa maziko ngati nyumba za masiku ano. Ndi mizere iwiri ya miyala, kunja ndi mkati, pakati anathirapo zibuma ndi matope a laimu, ndipo madzi amalowa ndithu, kuchokera pansi ndi kumvula. Chomwe chimalisunga n'chakuti madziwo amatulukanso, laimu amalola khoma kupuma. Ukapaka penti ya masiku ano uli ngati wakulunga khoma m'jumbo, madzi amatsekeredwa mkati, mchere umaunjikana kuseri kwa pentiyo n'kukankha pulasitala mpaka kugwa chigamba chonse. Simenti ndiye woipa kuposa, ndi wolimba kuposa mwala womwe ndiye chisanu chikaumitsa madzi otsekeredwawo chomwe chimasweka ndi mwala, simenti n'kutsala ali chiimire ngati mano a nkhalamba. Matchalitchi ambiri kuno akulipira ndalama zochuluka kuchotsa simenti yemwe anthu a mtima wabwino anamata zaka 60 zapitazo.

Ndinaseka ndekha pa chiwongolero. Ine ndinasiya laimu dala, ndinkati laimu ndi wa ife osauka, kuno ku Ulaya ndigule penti yeniyeni. Kumeneko chomwe khomalo limafuna ndi laimu yemweyo timapaka miyala ya m'mbali mwa msewu abishopu akamabwera.

## Mapepala, mapepala

Gawo ili ndi lomwe mpaka lero ndimalimbana nalo, ndisaname.

Tchalitchi cha Pickering chili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa pa mlingo wa Grade I, womwe ndi wapamwamba kwambiri, ndipo kathu kaja kalinso pa mndandanda. Milingo ilipo itatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II, mndandanda wake amasunga ndi a Historic England, ndipo mwa nyumba zonse zotetezedwa za Grade I ndi pafupifupi 2.5 peresenti yokha. Church of England ili ndi matchalitchi pafupifupi 16,000 ndipo oposa 12,000 ali pa mndandandawu. Nyumba wamba yotetezedwa ukafuna kuisintha umapempha ku khonsolo, koma mpingowu uli ndi njira yakeyake, chilolezo chake amachitcha faculty, chimaperekedwa ndi chancellor yemwe ndi woweruza wa khoti la dayosizi, atamva malangizo a komiti ya akatswiri ya dayosiziyo. Tintchito ting'onoting'ono tina sitifuna chilolezo, tina timafuna kalata ya archdeacon, wansembe wamkulu woyang'anira maparishi angapo, zikuluzikulu ndiye faculty yathunthu ndi chidziwitso chomata pakhomo kuti wotsutsa atsutse. Kuyambira 1955 lamulo la mpingo limati zaka 5 zilizonse katswiri wa zomangamanga ayendere tchalitchi chonse n'kulemba lipoti. Ndipo mileme ikakhala kudenga, lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe likuiteteza, sungaithamangitse ngakhale ikunyerera pa guwa, ntchito ya padenga imayendera kalendala ya mileme. Kwathu mleme ukalowa m'tchalitchi ana amautsata ndi tsache.

Ndiye ndinafunsa funso lomwe aliyense wa ife angafunse: boma lomwe laika malamulo onsewa limapereka zingati? Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Udindo wokonza tchalitchi uli pa komiti ya mpingo wa pa parishipo, kutanthauza anthu 14 aja. Amagulitsa makeke, amachita tiyi wa m'mawa, amalemba makalata opempha thandizo ku mabungwe, ndipo ndalama zikuluzikulu nthawi zambiri zimachokera ku National Lottery Heritage Fund, ndalama za lotale, zomwe ndikanawauza amayi anga kuti denga la nyumba ya Mulungu lafoleredwa ndi ndalama za juga akanasala kudya masiku atatu. Pamwamba pa izo pali akuba omwe amakwera usiku kukamatula mtovu wa padenga kukagulitsa, mvula n'kumalowa mwakachetechete mpaka wina adzazindikire. Mpingo ukatheratu tchalitchi chimatsekedwa, china chimasanduka nyumba yogona, ndipo zamwayi zimatengedwa ndi Churches Conservation Trust, bungwe lomwe linayamba mu 1969 ndipo likusamala matchalitchi oposa 350 omwe salinso ndi mapemphero a mlungu ndi mlungu.

Mbali ina ya ine imati izi zawonjeza. Anthu okalamba akuzizidwa pa mabenchi olimba, chimbudzi palibe, kuti aike chotenthetsera chabwino pakufunika miyezi ya makalata, ndiye achinyamata abwera bwanji? Nyumba ikusungidwa, mpingo ukutha. Maganizo amenewa sindinawasiye. Koma ndikakumbukira kuti ine ndemwe ndinalowa ndi chopalira, wamtima wabwino, wodziwa ntchito, wotsimikiza kuti ndikukonza, ndimamvetsa kuti mapepalawo sanalembere akuba. Akuba samawerenga chidziwitso cha pakhomo. Analembera a Ponsonby, analembera opala a m'ma 1800, analembera ine.

Nditawaimbira amalume kuwafotokozera anaseka kaye za pentiyo, kenako anakhala chete n'kunena kuti, "Mphwanga, ukukumbuka katchalitchi ka njerwa kaja tinagwetsa kuti timange chachikulu chamalata? Njerwa zake anaumba ndi agogo ako." Ndinkakumbukira. Ndinanyamula nawo zibumazo pa wilibala kukakwirira dzenje la kuseri kwa sukulu, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa ife anaganiza zojambula chithunzi.

## Chomwe chinkadwalitsa khoma

Lipoti la katswiri lija agogo anandibwereka, lili ndi masamba ambiri ndi zithunzi, ndipo za khoma la kumpoto linanena chinthu chomwe ine wa ntchito ya zomanga ndinayenera kuchiona tsiku loyamba ndikanazungulira kunja m'malo mongoyang'ana mkati. Ngalande ya madzi ya padenga inali itadzaza masamba ndi zisa za mbalame, paipi yotsitsa madzi inali yong'ambika kumbuyo, ndiye mvula iliyonse madzi ankatsetsereka pakhoma pompaja kwa zaka. Chibanga chobiriwira chinali chizindikiro chabe. Ndikanapaka penti bwenzi chitabisika miyezi itatu n'kubweranso ndi anzake.

Kuchotsa masamba m'ngalande sikufuna faculty. Chimafuna munthu wa mawondo abwino, makwerero ndi wina wowagwira pansi. Ndiye November aliyense masamba akatha kugwa ndimakwera ndi ndowa ndi magolovesi, agogo ali pansi agwira makwerero ndi manja awiri ngakhale tonse tikudziwa kuti nditati ndigwe sangandithandize kanthu, akukuwa kuti "pang'onopang'ono, love". Paipi anasintha ndi anthu a ntchito yake. Khoma akuti lisiyidwe liume lokha kaye, ndipo khoma lonenepa chonchija limauma mwa zaka osati masabata, ndiye Lamulungu lililonse ndimakhalabe pa benchi yanga kuyang'anizana ndi kachigamba kofanana ndi chikhatho changa.

Penti ija ku shopu anakana kuilandira chifukwa ndinali nditatsegula. Inakhala pansi pa bedi langa mpaka chilimwe, kenako agogo anandiuza kuti chimbudzi cha ku holo ya mudzi chikufunika kupaka. Holoyo anamanga ndi mabuloko a simenti m'ma 1970 ndipo palibe mndandanda uliwonse womwe ikupezekapo. Ndinapaka makoti awiri, inatsalako pang'ono ndinapakanso chitseko cha stoo.